Ma tribunal komanso makhoti apadera: mafunso ndi mayankho

Mikangano yambiri imene munthu amakhala nayo ndi boma kapena ndi bwana wake siifika n'komwe pamaso pa jaji wa khoti lalikulu. Imathera m'mabwalo ena amene anakhazikitsidwa kuti aziona nkhani za mtundu umodzi, monga za ntchito, msonkho, malo, penshoni ndi ziphaso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake chitsanzo chilichonse tachitchula ndi dziko lake. Musanachite kanthu pa mlandu wanu, onani lamulo la kumene mukukhala.

Kodi tribunal ndi chiyani kwenikweni?

Ndi bwalo limene limakhazikitsidwa ndi lamulo la nyumba ya malamulo kuti lizimva madandaulo a mtundu umodzi wokha. Kawirikawiri amakhala madandaulo a anthu amene sanakhutire ndi zimene ofesi ya boma yawagamulira. A msonkho akulemberani ndalama zimene inu mukuona kuti zanyanya. Oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko akukanizani chilolezo chokhala. A penshoni akuti simukuyenera kulandira kalikonse. Bungwe lopereka ziphaso lakulandani chiphaso cha bizinesi yanu. Pa nkhani zonsezi mbali ina kuli munthu mmodzi, mbali inayo kuli ofesi yokhala ndi mafayilo, akatswiri ndi maloya ake. Tribunal imamva onse awiri n'kupereka chigamulo chimene onse ayenera kuchitsata.

Alipo ma tribunal ena amene amaweruza anthu wamba okhaokha, monga wantchito ndi bwana wake, kapena mwini nyumba ndi wochita lendi.

Mphamvu za tribunal zimalekezera pamene lamulo loikhazikitsa lalekezera. Ya msonkho singamve za malire a munda, ngakhale wapampando atakumverani chisoni chotani. Ikaweruza nkhani imene si yake, chigamulocho n'chopanda ntchito.

Nanga khoti lapadera? Si chinthu chimodzi ndi tribunal?

Zimafanana, koma si chimodzi. Khoti lapadera ndi khoti lenileni, lili m'nthambi yoweruza milandu, ndipo okhala pampando ndi oweruza otetezedwa ndi malamulo ngati anzawo onse. Kusiyana kwake n'kwakuti limaona nkhani za mtundu umodzi. Ku London khoti loona milandu ya zamalonda linayamba mu 1895. Ku Kenya malamulo oyendetsera dziko a 2010 analamula kuti pakhale khoti la za ntchito ndi lina la za malo ndi chilengedwe, onse awiri ofanana mphamvu ndi khoti lalikulu. Ku Malawi malamulo oyendetsera dziko a 1994 anatchula khoti la Industrial Relations, loona mikangano ya pantchito, lomwe lili pansi pa khoti lalikulu. Ku Germany anapita patali: ali ndi nthambi zisanu za makhoti, iliyonse ndi khoti lake lomaliza. La milandu wamba lili ku Karlsruhe, la za kayendetsedwe ka boma ku Leipzig, la msonkho ku Munich, la za ntchito ku Erfurt, ndipo la za penshoni ndi chithandizo cha boma ku Kassel.

Tribunal nthawi zambiri imabadwira pafupi ndi unduna, imakhala ndi mamembala amene si majaji, ndipo kachitidwe kake n'kopepuka. Koma malire ake si oonekeratu. Ku Britain bwalo lotchedwa Upper Tribunal lamulo limaliwerengera m'gulu la makhoti apamwamba. Choncho musadalire dzina lolembedwa pakhomo. Funsani kuti oweruzawo amawasankha ndani, angawachotse ndani, ndipo apilo imapita kuti.

Anayambitsiranji mabwalo amenewa pamene makhoti analipo kale?

Chifukwa boma linakula. Boma likayamba kupereka penshoni, kulipira ovulala pantchito, kupereka ziphaso ndi kutolera misonkho yamitundumitundu, limagamula nkhani za anthu masauzande tsiku lililonse, ndipo pa zigamulo zochuluka chonchi zolakwika sizilephera. Ku Britain, lamulo la inshulansi ya anthu apantchito la 1911 linabwera ndi timabwalo tomva madandaulo a anthu okanizidwa ndalama za ulova. Munthu wokanizidwa ndalama za milungu iwiri sakanapita ku khoti lalikulu. Loya yekha akanadya zoposa zimene akuzifunazo, ndipo chigamulo chikanatuluka njala itamupweteka kale.

Chifukwa china ndi ukatswiri. Mlandu wa msonkho wa kampani, kapena wofuna kudziwa ngati kuvulala kwa msana kwachotsera munthu mphamvu zogwirira ntchito, umayenda msanga pamaso pa anthu amene amaona zoterezi tsiku ndi tsiku.

Tisabise, panalinso chifukwa chachitatu chimene sichikoma. Maboma ena ankafuna kuti majaji asamalowerere pa zochita za nduna. Ku Britain madandaulo pa nkhaniyi anakula mpaka boma linakhazikitsa komiti ya Sir Oliver Franks, imene mu 1957 inanena kuti ma tribunal ndi mbali ya ntchito yoweruza milandu, osati nthambi ya unduna, ndipo ayenera kuchita zinthu poyera, mwachilungamo ndi mosakondera. Mfundo zitatuzi n'zimene mayiko ambiri amayezera mabwalowa mpaka lero.

Amene amaweruza ndi ndani?

Kachitidwe kofala ndi ka anthu atatu: wapampando wodziwa malamulo ndi mamembala awiri odziwa nkhaniyo. Pa mlandu wa ulumali pamakhala dokotala, pa wa msonkho wowerengera ndalama, pa wa malo woyeza malo. M'makhoti a za ntchito a ku Germany jaji amakhala pakati, mbali ina pali munthu wochokera kwa olemba ntchito, mbali inayo wochokera ku mabungwe a apantchito. Ku France mabwalo a za ntchito, amene loyamba linakhazikitsidwa ku Lyon mu 1806, amaweruzidwa ndi anthu wamba, theka ochokera kwa olemba ntchito, theka kwa apantchito, ndipo jaji amabwera pokhapokha iwo akalephera kumvana.

Membala wochokera ku mbali ina sakhala loya wa mbaliyo. Akangokhala pampando ndi woweruza, ndipo akhoza kugamula motsutsana ndi amene anamutumiza. Katswiri nayenso ali ndi malire. Ngati dokotala wa pabwalopo waona china chake m'mapepala anu a kuchipatala chimene chingakugwetseni, ayenera kuchinena muli pomwepo kuti muyankhepo. Kukachitulutsa koyamba m'chigamulo n'kulakwa.

Tsiku la mlandu zimakhala bwanji?

Musayembekeze chipinda chachikulu chokhala ndi oweruza ovala mikanjo. Nthawi zambiri ndi kachipinda kokhala ndi tebulo, oweruza mbali ina, inu ndi amene mukukangana nawo mbali inayo. Wapampando amadzitchula dzina, amafotokoza mmene zinthu ziyendere, kenako amafunsa mafunso iye mwini m'malo mongodikira maloya. Malamulo okhwima a kaperekedwe ka umboni amawafewetsa, moti kalata kapena uthenga wa pafoni amaulandira mosavuta.

Tiyerekeze mlonda amene wachotsedwa ntchito pomuganizira kuti ankagona usiku. Akafika, chimene adzafunsidwe si chakuti mtima ukumupweteka bwanji. Adzafunsidwa kuti anayamba liti ntchito, ankalandira zingati, kalata yomuchotsa ili kuti, anamuitana kuti adziteteze asanamuchotse kapena ayi, ndipo pa tsikulo panali ndani. Bwana naye adzafunsidwa buku la malipoti a usiku umenewo ndi makalata a chenjezo amene akuti anapereka kale. Mlonda amene wabwera ndi envulopu ya timapepala ta malipiro, kalata yolembedwera ntchito ndi mnzake amene anali naye pageti usikuwo ali pabwino kuposa wobwera ndi mkwiyo wokha, ngakhale mkwiyowo uli ndi chifukwa chomveka.

Mabwalo ambiri a za ntchito amayamba ndi kuyanjanitsa. Ku South Africa bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito lotchedwa CCMA, limene linayamba ntchito mu 1996, limayamba lakhazika pansi mbali ziwirizo ndi mkhalapakati. Zikakanika m'pamene nkhani imapita kokaweruzidwa.

Kodi ndikufunika loya?

Mabwalowa anapangidwa kuti munthu azitha kudziyankhulira. Ena amaletsa maloya kumene: ku CCMA loya salowa pa nthawi yoyanjanitsa, ndipo m'makhoti a milandu ya ndalama zochepa a ku South Africa komweko munthu amadziimira yekha. M'malo ambiri mukhoza kubwera ndi mtsogoleri wa bungwe la apantchito kapena wina wodziwa nkhaniyo.

Koma tisanamizane. Ofesi ya boma kapena kampani yaikulu imatumiza munthu amene wakhala pa milandu yotereyi kambirimbiri, pamene inu n'koyamba. Ngati mlandu wanu ukutsamira pa kumasulira lamulo, kapena ngati mukaluza mudzathamangitsidwa m'dziko kapena kutaya nyumba, funani thandizo, ngakhale la kukuonerani mapepala kokha musanakawapereke. Mabungwe opereka thandizo la zamalamulo mwaulere ndi mabungwe a apantchito ndi poyambira pabwino.

Pamafunika ndalama zingati?

Ambiri ndi aulere kapena amalipiritsa zochepa, ndipo m'mabwalo ambiri woluza salamulidwa kulipira maloya a mnzake monga zimakhalira ku khoti lalikulu, pokhapokha ngati wachita zachipongwe. Zimenezi n'zimene zimapatsa munthu wosauka mtima wodandaula.

Zimene zinachitika ku Britain zikuonetsa kuti nkhani ya ndalamayi si yaing'ono. Mu July 2013 boma linayamba kulipiritsa odandaula m'mabwalo a za ntchito, mpaka mapaundi 1,200 pa mlandu wa kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Milandu inatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Mabwana sanasinthe khalidwe usiku umodzi, anthu anangolephera kulipira. Bungwe la apantchito la UNISON linakasuma, ndipo mu July 2017 khoti la Supreme linagamula kuti malipirowo anali osemphana ndi lamulo chifukwa ankatsekereza anthu kupeza chilungamo. Boma linabweza ndalama kwa amene analipira.

Pa msonkho funsaninso ngati muyenera kulipira kaye musanadandaule. Ku United States khoti la msonkho limalola munthu kutsutsa asanalipire. Ku South Africa lamulo limati lipirani kaye, pokhapokha a msonkho atavomera kudikira.

Ndili ndi nthawi yaitali bwanji yokadandaula?

Yochepa kwambiri, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagwera. Timati mlandu suwola, koma m'mabwalo amenewa umawola ndithu. Ku CCMA wochotsedwa ntchito ali ndi masiku 30 okha. Ku khoti la msonkho la ku United States ndi masiku 90 kuchokera pa tsiku la kalata. Ku England, wofuna kuti khoti lalikulu liunike zimene ofesi ya boma yachita ayenera kufulumira, ndipo asapitirire miyezi itatu.

Masiku amayamba kuwerengedwa pa tsiku la chigamulo kapena pa tsiku limene munachilandira, choncho sungani envulopu kapena uthenga umene unabwera nacho. Kukambirana ndi bwana, kudikira yankho la kalata yodandaula, kapena lonjezo lapakamwa lakuti tiziona, nthawi zambiri siziimitsa kuwerenga kwa masikuwo. Mukachedwa, mabwalo ena amalola kupempha kuti akukhululukireni, koma amafuna chifukwa chomveka cha kuchedwa konse, ndipo si ufulu wanu kuti akuvomereni.

Kodi ndiyambe ndadandaula ku ofesi imene yandilakwirayo?

Nthawi zambiri inde. Malamulo ambiri amafuna kuti muyambe mwatsata njira ya madandaulo ya m'kati mwa ofesiyo, ndipo bwalo likhoza kukubwezani ngati mwaidumpha. Chitani zimenezi polemba, mukuyang'anitsitsa masiku monga tanenera pa funso lapitali.

Chinthu choyamba kupempha ndi zifukwa zolembedwa. Simungatsutse chigamulo chimene simukudziwa pamene chaima. Mayiko ena anaika ufulu umenewu m'malamulo oyendetsera dziko: gawo 33 ku South Africa, gawo 47 ku Kenya, gawo 43 ku Malawi. Lamulo la ku South Africa la chaka cha 2000 limapatsa munthu masiku 90 opemphera zifukwa, ndipo ofesi ikapanda kuzipereka, khoti limayamba ndi kuganiza kuti panalibe chifukwa chabwino. Kupempha zifukwa kuli ndi phindu linanso: wogwira ntchito m'boma akakhala pansi kuti alembe chifukwa chimene anakukanizirani, nthawi zina amaona yekha kuti palibe cholemba.

Kodi tribunal ingasinthe chigamulo cha ofesi, kapena imangochibweza?

Funso ili ndi limene limasiyanitsa kwambiri tribunal ndi khoti lalikulu, ndipo ambiri salidziwa mpaka atakhumudwa.

Ma tribunal ambiri amaiona nkhani yonse mwatsopano. Amakhala ngati alowa mu ofesi ija n'kukhala pampando wa amene anagamula, n'kufunsa kuti chigamulo choyenera n'chiti. Akhoza kulandira umboni watsopano, monga kalata ya dokotala imene ofesi ija inalibe poyamba, ndipo akhoza kunena kuti munthuyu apatsidwe penshoni yake kuyambira mwezi wakuti. Dziko la Australia linatchuka ndi kachitidwe kameneka kuyambira 1976.

Khoti lalikulu likamaunika zochita za ofesi ya boma silifunsa ngati chigamulocho chinali chanzeru. Limafunsa ngati ofesiyo inali ndi mphamvu yochita zimenezo, ngati inatsata ndondomeko, ngati inakumvani, ngati inaganizira zoyenera kuganizira, ndiponso ngati chigamulocho si chopanda nzeru moti munthu woganiza bwino sangachipereke. Likapeza cholakwika, kawirikawiri limafafaniza chigamulocho n'kubweza nkhani ku ofesi yomweyo kuti ikaionenso. Ndiye zimatheka kupambana ku khoti, n'kubwerera ku ofesi, n'kukanizidwanso, ulendo uno motsata ndondomeko. Ngati dandaulo lanu ndi lakuti analakwitsa powerengera kapena sanakhulupirire umboni woona, tribunal ndi imene ingakuthandizeni kwambiri. Ngati ndi lakuti anachita zimene lamulo silinawalole, khoti ndiye malo ake.

Bwalo lokhazikitsidwa ndi boma lingaweruze bwanji boma mosakondera?

Amene amafunsa funsoli sakulakwa. Ngati nduna ndiyo imasankha mamembala, imawapatsa zaka ziwiri kapena zitatu, imasankhanso ngati apitirize, ndipo ofesi yawo ili m'nyumba ya unduna womwewo ndi ndalama zochokera m'thumba lomwelo, munthu wodandaula ali ndi chifukwa chokayikira. Membala sachita kufunika kuopsezedwa. Kungodziwa kuti kontirakiti ikutha chaka chamawa n'kokwanira.

Mayiko alimbana nalo vutoli m'njira zosiyana. Ku Britain kafukufuku wa Sir Andrew Leggatt mu 2001 anapeza ma tribunal pafupifupi 70, ambiri akuyendetsedwa ndi maunduna omwe ankayenera kuwaweruza. Lamulo la 2007 linawasonkhanitsa ambiri mwa iwo m'mabwalo awiri, First-tier Tribunal ndi Upper Tribunal, pansi pa jaji wamkulu, ndipo oweruza ake amasankhidwa kudzera ku komiti yosankha majaji. Ku India khoti la Supreme lakana kangapo malamulo opatsa boma mphamvu zochuluka pa kusankha mamembala ndi kutalika kwa nthawi yawo, ndipo mu 2014 linathetsa lamulo lokhazikitsa tribunal ya msonkho ya dziko lonse. Ku Australia, bwalo lounika zigamulo za maofesi a boma, limene linayamba mu 1976, linafika potaya chikhulupiriro chifukwa cha madandaulo akuti ambiri ankaikidwa poona chipani. Boma linalithetsa, ndipo pa 14 October 2024 linayamba latsopano, Administrative Review Tribunal, lokhala ndi ndondomeko yosankha anthu poona luso.

Kwa ife, apa ndiye pagona nkhani yonse. Tribunal yofulumira ndi yotsika mtengo koma yomvera nduna ndi yoipa kuposa kupanda tribunal, chifukwa imapaka chidindo cha chilungamo pa zimene ofesi inafuna kale, ndipo munthu amabwerera kwawo akuganiza kuti wamvedwa.

Ndi malamulo ati a chilungamo amene bwalo lililonse liyenera kutsata?

Alipo awiri akale amene safuna kuchita kulembedwa. Loyamba: munthu asagamulidwe asanamvedwe. Ayenera kudziwa chimene akumunenera, kuona umboni, ndi kupatsidwa nthawi yokwanira yoyankha. Mlandu wotchuka ndi wa Charles Ridge, mkulu wa apolisi ku Brighton, ku England, amene komiti inamuchotsa ntchito osamuitana kuti adziteteze. Mu 1963 bwalo la House of Lords, limene panthawiyo linali khoti lomaliza ku Britain, linati kuchotsedwako kunali kopanda mphamvu. Silinanene kuti iye anali wosalakwa. Linangoti ngakhale woganiziridwa zoipa ayenera kumvedwa.

Lachiwiri: munthu asaweruze mlandu umene uli ndi mbali yake. Lamuloli silisiya ngakhale akuluakulu. Mu 1998 House of Lords inafafaniza chigamulo chake chomwe pa mlandu wa Augusto Pinochet, mtsogoleri wakale wa Chile, zitadziwika kuti mmodzi mwa majaji, Lord Hoffmann, anali mkulu m'nthambi yachifundo ya Amnesty International, bungwe limene linalowa nawo mu mlanduwo. Mlandu unamvedwanso ndi majaji ena. Ngati mukudziwa kuti membala wina ndi wachibale kapena mnzake wa bizinesi wa amene mukukangana naye, nenani mlandu usanayambe. Mukadikira mpaka mutaluza, adzati munavomera.

Ndikaluza, pali kwina kopita?

Pafupifupi nthawi zonse kulipo, koma khomo lake ndi lopapatiza. Apilo zambiri zimaloledwa pa mfundo ya lamulo yokha. Kunena kuti anakhulupirira mboni yabodza sikukwanira. Muyenera kuonetsa kuti anamasulira lamulo molakwika, sanapereke zifukwa, anagamula popanda umboni uliwonse, kapena anaphwanya malamulo awiri amene tawatchula pamwambapa. Ku CCMA kulibe apilo n'komwe, koma khoti la za ntchito likhoza kuunika chigamulo ngati mwapempha pasanathe milungu isanu ndi umodzi.

Nthawi zina nyumba ya malamulo imalemba kuti chigamulo cha bwalo lakuti n'chomaliza, khoti lililonse lisachikhudze. Majaji salandira mawu oterewa mosavuta. Kampani ya ku Britain ya Anisminic inalandidwa mgodi wake ku Sinai, m'dziko la Egypt, pa mkangano wolimbirana ngalande ya Suez mu 1956, ndipo komiti yogawa chipukuta misozi ku Britain inaikaniza. Lamulo linkati zigamulo za komitiyo sizingatsutsidwe m'khoti, koma kumapeto kwa 1968 House of Lords inati komiti ikamasulira molakwika mphamvu zake, chimene yatulutsacho si chigamulo chotetezedwa ndi lamulolo. Ku India, mu 1997, pa mlandu wa L. Chandra Kumar, khoti la Supreme linati mphamvu ya makhoti aakulu younika ma tribunal ndi msanamira ya malamulo oyendetsera dziko, ndipo singachotsedwe.

N'chifukwa chiyani m'mayiko ena milandu yonse yokhudza boma ili ndi makhoti akeake?

Kachitidwe kameneka kanachokera ku France. Lamulo la mu August 1790 linaletsa majaji wamba kulowerera zochita za boma, ndipo mu 1799 panakhazikitsidwa khonsolo yoona milandu yokhudza boma, Conseil d'État, imene poyamba inkangolangiza, koma kuyambira 1872 inayamba kugamula yokha. Chaka chotsatira kunabwera mlandu wa Agnès Blanco, kamtsikana ka zaka zisanu kamene kanagundidwa ndi ngolo ya fakitale ya fodya ya boma ku Bordeaux. Bambo ake anasuma ku khoti wamba, koma bwalo loona kuti mlandu upite ku khoti liti linagamula kuti kulakwa kwa boma kuli ndi malamulo akeake ndi makhoti akeake. Lero wodandaula amayambira ku makhoti a m'zigawo amene anakhazikitsidwa mu 1953, ndipo Conseil d'État ndi yomaliza. Mayiko ambiri amene analamulidwa ndi France anatengera zimenezi. Vuto lake ndi lakuti munthu akhoza kutaya nthawi posochera khomo, moti ku France kuli bwalo lija longogamula kuti mlandu ndi wa mbali iti.

Makhoti a ana nawonso ndi apadera?

Inde. Loyamba linatsegulidwa ku Chicago mu 1899, ndi cholinga chakuti mwana wolakwa awongoledwe m'malo momutsekera pamodzi ndi akuluakulu. Milandu imamvedwa mosaonetsera, dzina la mwana limabisidwa, ndipo makolo ndi alangizi amakhalapo.

Mbiri ya makhoti amenewa ili ndi chenjezo kwa mabwalo onse opepuka. Mu 1964 ku Arizona mnyamata wa zaka 15, Gerald Gault, anamuimba mlandu woyankhula zolaula pafoni. Wodandaulayo sanabwere kudzapereka umboni, loya panalibe, zokambidwa sizinalembedwe, ndipo jaji anamutumiza ku sukulu yosungirako ana olakwa mpaka adzakwanitse zaka 21. Akanakhala wamkulu, chilango chake sichikanaposa madola 50 kapena miyezi iwiri m'ndende. Mu 1967 khoti la Supreme la United States linagamula kuti mwana nayenso ali ndi ufulu wodziwa mlandu wake, wokhala ndi loya ndi wofunsa mboni. Kufewetsa ndondomeko kunayamba ndi mtima wabwino, koma kunasiya mwanayo wopanda chomuteteza.

Kodi mabwalo apadera sanagwiritsidwepo ntchito popondereza anthu?

Anagwiritsidwa, ndipo kangapo. Ku England bwalo la Star Chamber linathetsedwa mu 1641 chifukwa linasanduka chida cha mfumu. Ku Germany, khoti wamba litamasula anayi mwa anthu asanu oimbidwa mlandu wotentha nyumba ya malamulo, boma la Hitler linakhazikitsa khoti lakelake la milandu youkira boma mu 1934. N'chifukwa chake malamulo oyendetsera dziko la Germany a 1949 amaletsa makhoti opangira mlandu umodzi. Ku Malawi, Orton ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu limene silinkalola maloya. Ku Nigeria, Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu anaweruzidwa ndi tribunal yokhazikitsidwa ndi boma la asilikali la Sani Abacha, yopanda apilo, ndipo ananyongedwa pa 10 November 1995.

Zizindikiro zake zimafanana: bwalo lapangidwa nkhani itachitika kale, oweruza asankhidwira mlandu womwewo, maloya aletsedwa pa mlandu waukulu, apilo yatsekedwa. Khoti la za ntchito kapena la msonkho limene linalipo inu musanadandaule, lomva aliyense mofanana, si la gulu limeneli.

Ombudsman ndi mkhalapakati akusiyana bwanji ndi tribunal?

Ofesi ya Ombudsman, imene inayambira ku Sweden mu 1809, imafufuza yokha madandaulo okhudza maofesi a boma, kuphatikizapo zinthu zimene si zophwanya lamulo kwenikweni, monga kuchedwetsa, kutaya fayilo ndi mwano. M'mayiko ambiri imangolangiza, m'mayiko ena mawu ake amamanga. Mkhalapakati sagamula, amathandiza awiriwo kuti amvane okha. Palinso woweruza wosankhidwa ndi mbali ziwiri mwa mgwirizano wawo, amene amagamula ndithu, koma mphamvu zake zimachokera m'pangano limene munasayina. Za tribunal zimachokera m'lamulo.

Ndimagwira ntchito ku bungwe la mayiko ambiri. Ndingasume kuti?

Mabungwe oterewa nthawi zambiri sazengedwa mlandu m'makhoti a dziko limene ali, choncho ali ndi mabwalo awoawo. Ogwira ntchito ku United Nations ali ndi mabwalo awiri amene anayamba mu 2009, loyamba lokhala ku Geneva, Nairobi ndi New York, lachiwiri la apilo. Mabungwe ena ambiri amagwiritsa ntchito tribunal ya ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, ku Geneva. Onani kontirakiti yanu ndi malamulo a ogwira ntchito, ndipo yambani ndi njira ya m'kati.

Ndapambana, koma sakundilipira. Nditani?

Zimachitika kawirikawiri, makamaka pa milandu ya ntchito. Ma tribunal ambiri alibe anthu awoawo okalanda katundu, choncho chigamulo chimayenera kulembetsedwa kapena kutsimikizidwa kaye kuti chikhale ndi mphamvu ya lamulo la khoti. Ku South Africa chigamulo cha CCMA chikatsimikizidwa chimakakamizidwa ngati cha khoti la za ntchito, ndipo asherifu akhoza kukatenga katundu wa bwanayo. Funsani kalaliki wa bwalo limene linakuweruzani kuti fomu yake ndi iti, ndipo musazengereze, chifukwa kampani ikatsekedwa mudzaima pamzere ndi ena onse amene ili nawo ngongole.

Zimenezi zimayamba kukonzedwa pa tsiku lodandaula. Lembani dzina lenileni la kampani monga linalembetsedwera ku boma, osati la pachikwangwani kapena la bwana amene ankakulamulani, chifukwa asherifu sangalande katundu wa munthu amene sanatchulidwe m'chigamulo. Ngati wokana kulipirayo ndi ofesi ya boma, mayiko ambiri salola kulanda katundu wa boma. Njira yake ndi kubwerera ku khoti kukapempha lamulo lokakamiza mkulu wa ofesiyo kuchita zimene anauzidwa, ndipo akapitiriza kukana akhoza kuimbidwa mlandu wonyoza khoti.